Ndinabzalitsa Mbewu Yanu pa Chizimalupsa

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji?

Ndine Esinati, mwana wanu woyamba, uja munkati anabadwa funso lili kukamwa. Ndikadali ku Perth kuno, kumene munanditsanzika ndi mawu akuti, "Pita ukaphunzire za mvulayo, udzatiuze chimene tinailakwira." Zaka zinayi zakwana chikuikireni m'manda, ndipo kalata iyi ndakhala ndikuizemba kwa chaka chathunthu. Ili ndi nkhani yoti ndikanakhala pamaso panu ndikanaikamba nditagwada. Koma ndiyamba ndi zabwino, monga munkachitira inu mukapita kukanena uthenga woipa kwa anthu: munkayamba mwafunsa kaye za mbuzi zawo.

Mwalandira mdzukulu wina. Anabadwa mu Ogasiti, kukuzizira, mvula ikuwaza pa windo la chipatala, poti kuno zinthu n'zozondoka: mvula imagwa m'nyengo yozizira, kukatentha kumwamba kumangoti mbee miyezi yathunthu. Ndi wamkazi, ndipo tamupatsa dzina lanu, Felesiya. Chipumi ndi chanu chenicheni, moti akakwinya nkhope ndimachita kudzifunsa kuti ndalakwanso chiyani. Mkulu wake Tadala, uja munkamuimbira pa foni, wayamba sukulu ndipo watalika ngati bango. Chichewa amamva chonse, makamaka anthu akamamunena, koma kuyankha ndiye Chingerezi chotulukira m'mphuno. Bambo ake akugwirabe unamwino pa chipatala chachikulu cha ku Nedlands, miyendo ikuwatupa ndi kuimirira koma sadandaula. Tinasamukira kufupi ndi Mirrabooka, komwe kuli tchalitchi chathu ndi sitolo yogulitsa zakwathu. Ufa umapezeka, woyera bwino, koma mutaununkhiza inu mukanafunsa kuti chimanga chake chinadwala chiyani.

Kumudzi ku Dowa nako aliko. Agnesi, mng'ono wanga, ndiye akusunga nyumba yanu ndi munda. Denga la khitchini anafoleranso. Mbuzi yopanda nyanga ija inabereka ana awiri, mmodzi anadyedwa ndi fisi. Mtengo wa mango wa kuseri kwa nkhokwe unauma mbali imodzi, ndipo mjigo wa kusukulu masiku ano umayamba kutsokomola Seputembala asanathe, amayi amakatunga kudambo. Za mbuzi ndiye zimenezo, Amayi. Tsopano khalani pansi.

Chamawanga chatha. Chimanga chanu chija, cha njere zolimba zoyera zokhala ndi timadontho tofiira, chimene munalandira kwa amayi anu, iwonso kwa amayi awo, kulibenso. Ndipo musanene kuti ndi chilala chokha ayi. Wachimaliza ndine.

Ndikukumbukira mmene munkachisamalira. Tisanayambe kukolola munkalowa m'munda nokha, kusankha zikonyo zodzadza bwino, kuzimanga ziwiriziwiri ndi makoko ake, n'kuzipachika kudenga la khitchini kuti utsi uziziwamba. Anankafumbwe ankachilephera. Alangizi atabwera ndi mbewu ya m'mapaketi simunawakanize, munalandira ndi manja awiri, n'kukaibzala kumapeto kwa munda. Munatiuza kuti, "Icho n'cha mimba ya chaka chino, chamawanga n'cha adzukulu." Malamulo anu anali awiri basi. Loyamba: "Mbewu sabzala yonse. Ina imatsala kudenga kuti ione mmene anzake ayendera." Lachiwiri linali la chizimalupsa, mvula ija imagwa mu Okutobala tchire litapsa, n'kuzimitsa phulusa, dziko lonse n'kununkhira dothi. Ife ana tinkathamangira makasu, inu n'kutibweza. "Chizimalupsa si mvula, ndi moni chabe. Munthu akakupatsa moni sumuyalira pogona." Mukatero munkapita kumunda, kukumba kadzenje, kupisamo mkono. Chinyontho chikapanda kufika pachigongono, mbewu sinkatsika kudenga.

Kulakwa kwanga koyamba kunali pa bwalo la ndege. Maliro anu atatha, Agnesi anakulunga zikonyo ziwiri m'pepala n'kundiikira m'chikwama, akuti ndikhale ndi kanthu kanu kuno. Koma dziko lino limaopa kwambiri matenda a mbewu, ndipo munthu akamalowa amafunsidwa ngati wanyamula njere iliyonse. Ine ndimadziwa chifukwa chake, ndipo lamulolo sindilitsutsa. Ndinaulula. Mayi amene ankasecha anali waulemu ndithu, anazitembenuza zikonyozo atavala magolovesi, anati sanaonepo chimanga chokongola chonchi, anapepesa, n'kuziponya m'bini ya zinthu zokawonongedwa. Sindinalire n'komwe. Mumtima ndinkati kudenga kwatsala zambiri.

Ntchito yanga simunaimvetse bwino, ndipo nanenso sindinaifotokoze bwino. Ndimakhala pa kompyuta tsiku lonse ndi manambala a mvula ya zaka zambirimbiri, komanso zithunzi za mitambo zojambulidwa ndi makina amene amazungulira dziko kumwamba. Cholinga n'choti tizitha kulosera nthawi imene mvula iyambe kwathu ndi nthawi imene ikate. Kuno ndinaona alimi a tirigu akufesa m'dothi louma gwaa, mvula isanagwe, ndi mathirakitala aakulu ngati tchalitchi cha kwathu, akudalira zolosera zomwezi. Ndinasirira. Ndiyeno ntchito yanga itayamba kuyamikiridwa, aphunzitsi anga akuigwedezera mutu, ndinayamba kudzimva. Inu munkanena kuti ndikadziwa kanthu ndimayenda ngati nkhuku yoikira koyamba. Munkanena zoona.

Chaka chatha mbewu kudenga inali yochepa kale, poti zokolola za chaka chinacho sizinali bwino. Pakati pa Okutobala kunagwa chimvula masiku awiri otsatizana. Agnesi ananditumizira kanema wa madzi akuthamanga pabwalo, nkhuku zitabisala pansi pa nkhokwe. Manambala anga ankaonetsa kuti nyengo ikhala yaifupi, mvula idzakata msanga, wochedwa kubzala sadzakolola. Ndinamuimbira ndili m'sitima, ndikuchokera kogula zinthu ku Cannington.

Ndinati, "Agnesi, bzala. Chaka chino mvula ikata msanga."

Iye anati, "Asisi, koma ichi si chizimalupsa? Ndapisa mkono, chinyontho changolekeza pachikhatho."

Amayi, ndinaseka. Ndinamuuza kuti chizimalupsa chinapita ndi nyengo yakale, kuti zinthu zinasintha, kuti ine ndikuona mitambo ya dziko lonse kuchokera kumwamba pamene iye akuona kadzenje kamodzi. Anafunsa kuti, "Nanga yotsala kudenga?" Ndinati, "Tsitsa yonse. Yobzala mochedwa sidzacha, ungoitaya." Kenako anati, "Chabwino, poti ophunzira ndinu."

Mawu amenewo ndimawamva mpaka lero ndikamatsuka mbale.

Chinamera bwino, Amayi. Agnesi anatumiza chithunzi, mizere yonse ili biriwiri, ine n'kumaonetsa anzanga kuntchito monyada. Kenako kumwamba kunatseka. Sabata yoyamba tinati ibwera. Yachiwiri masamba anayamba kupotana ngati a anyezi. Agnesi ankasenza madzi kuchokera kudambo n'kumathirira phando limodzilimodzi, mpaka chitsime chinaphwa ndipo khosi linamuuma. Pofika sabata yachinayi chonse chinali chitagona pansi, chikufumbutuka ukachigwira. Mvula yeniyeni inabwera mu Disembala, n'kugwera pa mizere yopanda kanthu. Anabzalanso ya m'mapaketi, anakololako pang'ono, sanafe ndi njala. Koma kudenga kunali zingwe zokhazokha.

Anayenda mwanayu, kufunafuna kwa amayi onse amene munkawagawira mbewu. Ena anasiya kalekale, anatengeka ndi ya m'mapaketi. Ena anapepesa kuti anakazinga n'kudya chaka cha njala. Mayi wina wa kutsidya anabwera ndi kachitini kamodzi, koma chinali chosakanikirana, njere zofewa, mawanga ake ochita kusakasaka. Agnesi analuma njere imodzi n'kudziwiratu kuti si chanu.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti makinawo sananame kwenikweni. Mvula inakatadi msanga monga ananenera. Chimene sadziwa n'kusiyanitsa moni ndi kubwera. Amaona mtambo, saona dothi la m'munda mwanu, ndipo choyezera mvula chimene ndinkadalira chili kutali ndi mudzi wathu. Zonsezi ndinkazidziwa, zili m'mabuku anga omwe. Koma tsiku limenelo ndinafuna kukhala mwana wophunzira amene wapulumutsa kwawo.

Agnesi sanandikalipirepo. Akanandilalatira bwenzi mtima utapepukako. Anangoti, "Zachitika, asisi." Chiyambire pamenepo tikaimbirana timangokamba za ana ndi za matenda a anthu. Mwezi uno ndi Okutobala, ndaona pa makina anga kuti ku Dowa kwagwa mvula sabata yatha. Sanandifunse kanthu, ndipo ine ndilibe nkhope yomufunsira.

Tsono mu Malichi chaka chino ndinaitanidwa ku msonkhano wa pa kompyuta. Anasonkhanitsa ofufuza a kwathu, ena ali kumudzi, ena tili kunja, kuti tigwirizane zimene dziko lathu liyenera kuyamba kufufuza pa nkhani ya kusintha kwa nyengo. Anali masiku atatu. Aliyense anabwera ndi maliro ake. A kuchigwa cha Shire ankafuna njira yochenjezera anthu madzi asanasefukire, ndipo ankakamba za midzi yokokoloka anthu ali m'tulo. A zaumoyo ankati malungo akukwera kumapiri kumene kale udzudzu sunkafika. A zamagetsi ankadandaula za kuphwa kwa mtsinje wa Shire, a zansomba za nsomba, a zankhalango za makala. Panalibe wonama ngakhale mmodzi, Amayi. Nyumba ikamadontha paliponse, beseni limodzi uliika pati?

Itafika nthawi yanga ndinapempha zinthu ziwiri zazing'ono. Choyamba, kuti m'midzi mukhale zoyezera mvula zosavuta, alimi ngati Agnesi aziwerenga okha n'kumalemba pamodzi ndi pamene chinyontho chalekeza m'dothi, kuti tiphunzire kusiyanitsa chizimalupsa ndi mvula yobzalira mmene nyengo ilili panopa. Chachiwiri, kuti mbewu zamakolo zizisungidwa m'madera momwemo zisanathe, osadalira denga la khitchini imodzi. Wapampando anali bambo wachikulire, wofatsa. Atamva liwu loti chizimalupsa anaseka mosangalala n'kunena m'Chingerezi kuti, "Aa, mayi, mwatikumbutsa kwathu! Koma liwu limeneli otithandiza akunja akalitchula bwanji? Tatipatsani la Chingerezi." Ndinawapatsa. Tonse mumsonkhanomo tinali Amalawi, koma Chichewa chimene chinamveka masiku atatuwo ndi moni, pemphero ndi liwu lanu limenelo. Sindinawauze kuti mlimi amene ndinkapereka ngati chitsanzo ndi mng'ono wanga, kapena kuti womunamiza ndinali ine. Ndinachita manyazi.

Mndandanda unatuluka patapita miyezi. Pamwamba panali zikuluzikulu: makina amphamvu olosera, mbewu zatsopano zopirira, kuwerenga mpweya umene mitengo imasunga. Sindikuti n'zoipa. Zanga ndinazipeza pa tsamba lomaliza, pansi pa mutu wa nzeru zamakolo, mzere umodzi wokha, liwu loti chizimalupsa atalichotsa. Ndipo ndamva kuti ngakhale zapamwambazo zikudikira kaye wotithandiza. Aphunzitsi anga amandilimbikitsa kuti ndisafooke, akuti sayansi imayenda pang'onopang'ono. Ndimawavomera mwaulemu. Koma mvula sikuyenda pang'onopang'ono, ikusintha msanga kuposa mmene tikulembera mapepala athu.

Ngakhale kuno, kumene kuli chilichonse, mvula ikuwathawa. Achikulire amanena kuti madamu awo sadzadzanso ngati kale. Madzi ena amene timamwa ndi a m'nyanja yamchere, ochita kuchotsa mcherewo ndi makina. Kuthirira kapinga kuli ndi masiku ake, ndipo kukatentha utsi wa moto wa m'tchire umafika mpaka m'tauni, zovala pa chingwe n'kumanunkha. Ndimayang'ana zonsezi n'kumadzifunsa kuti ngati awa akuchita kumwa nyanja, nanga Agnesi ndi ndowa yake? Ndinene zoona, ngakhale inu mukanakhalapo sindikudziwa ngati zizindikiro zanu zikanagwirabe. Ngumbi zikutuluka nthawi yolakwika, achule akulira mvula osabwera. Mwina chigongono chanu nacho chikanadzakunamizani tsiku lina. Koma inu mukanasiya ina kudenga.

Munandituma kudzafunsa chimene tinailakwira mvula. Yankho ndinalipeza chaka choyamba chomwe, ndipo silithandiza. Inu simunailakwire kanthu. Ndi utsi wa mafakitale ndi magalimoto wa zaka zambiri, wochuluka wake wochokera kumaiko olemera ngati lino. Ndi galimoto yanga yomwe, imene ndimaperekezera Tadala kusukulu m'mawa uliwonse. Ndatopa, Amayi. Ndinabwera kuno ndikukhulupirira kuti munthu akadziwa chinthu ndiye kuti wachigonjetsa, koma panopa ndikungodziwa mwatsatanetsatane mmene zinthu ziipire.

Pali chinthu chimodzi chimene chandichititsa kuti ndilembe lero. Loweruka lapitali m'mawa Felesiya analira osatonthola. Kangolo kake anakakana, malamba oberekera a kuno anawakana. Ndinatsegula sutikesi n'kutulutsa chitenje chanu chabuluu chija, chofwifwa pakati, chimene chinandigwera pogawa zovala zanu. Zaka zinayi zonsezi sindinachifunyululepo, ndinkaopa fungo lanu. Nditachitambasula ndinamva kanthu kolimba kunsonga. Inali mfundo yanu, yaing'ono, yothina, ija munkamanga mukukoka ndi mano. Ndinkayesa ndi mapiritsi a mutu. Zikhadabo zinalephera, ndinachita kumasula ndi foloko.

Njere zisanu ndi ziwiri, Amayi. Zoyera, za timadontho tofiira.

Ndinakhala pansi pomwepo, mwana akulira, ine ndikulira. Ndinakumbuka kuti mukamapita kukacheza munkamanga tinjere kunsonga kwa chitenje kuti mukaonetse anzanu, akakonda abwere adzatenge. Kodi munkapita nazo kwa yani ulendo umenewo? Zinadutsa pa bwalo la ndege lija ine osadziwa, tsiku lomwe ndinapereka zikonyo ziwiri zija ndi manja anga kuti zikatayidwe.

Musasangalale msanga, pakuti sukulu yandilanda ngakhale chisangalalo chimenechi. Ndikudziwa kuti chimanga sichisungika ndi njere zisanu ndi ziwiri, chimafuna mapesi mazanamazana kuti mtundu wake usafooke. Ndikudziwa kuti mphepo idzabweretsa ufa wa ngayaye kuchokera m'minda yoyandikana n'kuchisakaniza. Ndikudziwanso kuti njere zokhala zaka zinayi m'sutikesi, m'kutentha kwa kuno, zambiri zimakhala zitafa mkati ngakhale kunja zikuwala. Njira imene ndingadziwire kuti zili moyo ndiyo kuziika pa pepala lonyowa kuti zimere. Koma zikamera kuno ndiye kuti zatha, poti sindingazibzale m'dothi la eni ake. Bambo a Tadala ataziona anati, "Mayi a Tadala, zimenezi zitiika m'mavuto, lamulo likuti tikapereke." Akunena zoona. Ndawauza kuti sizikhudza dothi la kuno, ndipo sizikhalitsa, zikubwerera kwawo.

Ndazimanganso pamalo pomwepo. Mfundo yanga sikufanana ndi yanu, ikumamasuka, ndiye ndimaiyang'ana kawirikawiri.

Ndinyamuka kumapeto kwa Novembala, Felesiya ali kumbuyo m'chitenje chomwecho. Ndikanatha kupatsira anthu a kutchalitchi amene amapita kumudzi pa Khirisimasi, koma ndinalakwa ndili kutali, pa foni, ndiye ndikufuna ndikagwade ndekha pakhomo la khitchini yanu. Agnesi sindinamuuze. Sindikudziwa ngati akandiyang'ane kumaso.

Sindikulonjeza kuti zimera, Amayi. Mtima wanga ukundiuza kuti mwina sipadzatuluka ngakhale kamodzi, ndipo mdzukulu wotchedwa dzina lanu adzakula osalawa chimanga chimene munkati n'cha adzukulu. Chimene ndikulonjeza ndi ichi: kompyuta ndiisiya kuno. Tsiku lobzala akanena ndi Agnesi, mkono wake ukanyowa mpaka pachigongono, ndipo ine ndikatseka pakamwa n'kunyamula khasu. Tikabzala zinayi. Zitatu ndikazipachika kudenga, zione mmene anzawo ayendera.

Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kwambiri. Mundikhululukire.

Ine mwana wanu wosamva uja,

Esinati